Basi yofera ku Chikangawa imakhala itayamba kudwala ikadali ku Mzuzu

Mwezi wa June chaka chatha ndinanyamuka kwathu ku Ching'ambo chakumadzulo, kachikwama paphewa, kukakwera basi yausiku yopita ku Lilongwe. Tinatuluka mu Mzuzu bwinobwino. Koma titalowa m'nkhalango ya Chikangawa, pokwera kamtunda kena, basi inayamba kutsamwa ngati munthu woti wameza munga wa nsomba. Inkati ikakoka pang'ono n'kufooka, ikakokanso n'kufooka, kenako zii. Kunja kuli nkhungu, kuzizira kwake mukukudziwa inu a ku mpoto kuno. Pafupi ndi ine panali mayi wina amene ankayenera kukaonana ndi dokotala ku Kamuzu Central Hospital mmawa wake. Kumbuyo kunali mnyamata wopita ku intavyu ya ntchito. Tinakhala pamenepo mpaka kunja kunayera.

Kutacha kunabwera makaniki kuchokera ku Mzuzu. Ine poti ndimakonda kusuzumira zinthu, ndinaima pambali pake. Anatsegula kumbuyo kwa basi, n'kumasula kakapu kena kokhala pansi pa fyuluta ya mafuta, n'kukhuthulira zam'katimo m'botolo. Pansi pa botolo panakhala madzi, pamwamba dizilo, pakati pake zinthu zakuda zonanda ngati ndere. Iye anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Fyuluta iyi ndinawauza kale kuti yatha." Anaika ina, n'kupopa kapampu kapamanja kwa mphindi zingapo, basi n'kulira. Ntchito yosakwana ola limodzi. Koma mayi uja nthawi yake ya kuchipatala inali itapita kale.

Usiku wonse apaulendo tinkangoti ndi tsoka, ena ankatukwana dalaivala. Ine maganizo anga ndi ena, ndipo ndi amene ndikufuna kuti tikambirane lero. Basi ikafa chifukwa cha mafuta akuda kapena fyuluta yotsekeka, limenelo si tsoka ayi. Ndi zotsatira za chisankho chimene munthu wina anapanga masabata angapo m'mbuyomo, basi ili chiimire pa galaja. Kuti muone chifukwa chake ndikunena choncho, tiyeni tiyambe taona mmene mafuta amayendera m'basi. Zambiri mwa izi munaziphunzira kale mu Physics ndi Chemistry, kungoti mwina simunaziganizirepo mutakhala pampando wa basi.

Injini yopanda mapulagi

Mabasi akuluakulu amene mumawaona ku depoti ya Mzuzu amayendera dizilo. Injini yake inatchedwa dzina la Rudolf Diesel, katswiri wa ku Germany amene injini yake yoyamba kugwira ntchito bwino inayesedwa mu 1897. Kusiyana kwake ndi injini ya petulo n'kwakuti ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto. Nanga mafuta amayaka bwanji?

Tengani pampu ya njinga, mutseke kukamwa kwake ndi chala, mupope mwamphamvu kangapo. Mukaigwira chakumunsi mumva yafunda. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Mu injini ya dizilo, pisitoni imafinya mpweya mpaka kukhala m'malo ochepa kuwirikiza ka 15 kapena ka 20 poyerekeza ndi pomwe unali, ndipo umatentha kupitirira madigiri 500. Pa nthawi yomweyo kachipangizo kotchedwa injector kamapopera dizilo mu mpweya wotenthawo, ndipo amayaka yekha, n'kukankha pisitoni.

Apa pali mfundo yofunika. Dizilo wothiridwa ngati madzi sangayake bwino. Ayenera kulowa ali timadontho ting'onoting'ono ngati nkhungu, kuti kadontho kalikonse kakumane ndi oxygen mwachangu. Ndi nkhani ija ya mu Chemistry, yakuti chinthu chikagawidwa tizidutswa ting'onoting'ono chimasungunuka kapena kupsa msanga, monga shuga woperapera asungunuka msanga kuposa chibuma. Kuti dizilo asanduke nkhungu, amakankhidwa mwamphamvu kudzera m'timabowo topyapyala kwambiri, tokula pafupifupi mamilimita 0.1 mpaka 0.2. M'mainjini amakono a common rail, mphamvu yokankhira mafutayi imafika ma bar 2,000 kapena kuposerapo. Tayala la basi limapopedwa ma bar pafupifupi 8. Gawani 2,000 ndi 8, mupeza 250. Ndiye kuti m'kapaipi kachitsulo kamene kali kumbuyo kwa mipando yathu muli mphamvu yoposa ya m'tayala maulendo 250.

Ulendo wa mafuta uli chonchi: amachoka mu thanki, n'kudutsa pa fyuluta yoyamba yomwe nthawi zambiri imakhala ndi kakapu kolekanitsa madzi, kenako kapampu kakang'ono kamawakankhira ku fyuluta yachiwiri yosefa kwambiri, n'kufika ku pampu yaikulu, n'kukathera ku ma injector. Otsala amabwerera ku thanki kudzera pa paipi ina. Mafutawa sikuti amangoyaka basi. Podutsa amaziziritsa pampu ndi ma injector, komanso amatereretsa tizitsulo tam'kati kuti tisakhulane. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Adani atatu: fumbi, madzi ndi mpweya

Mdani woyamba ndi fumbi. Milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000. Tsitsi la munthu ndi lonenepa ma micron pafupifupi 70, ndipo diso limavutika kuona kanthu kochepera ma micron 40. Koma mipata ya m'kati mwa pampu ndi ma injector ndi ya ma micron ochepa chabe. N'chifukwa chake fyuluta yachiwiri ya injini zamakono imapangidwa kuti igwire tinthu tating'ono mpaka ma micron 5 kapena kucheperapo. Tanthauzo lake n'lakuti dizilo angaoneke woyera mbee m'botolo, koma ali ndi mchenga wosaoneka umene ukuthamanga pa ma bar 2,000 n'kumapala chitsulo tsiku ndi tsiku. Ife a ku Ching'ambo fumbi la mwezi wa October timalidziwa, limalowa ndi m'kabati motseka. Nanga m'chigubu chosatseka bwino, kapena pa fanelo yogona pansi?

Mdani wachiwiri ndi madzi. Ena amalowa chifukwa cha chivundikiro cha thanki chong'ambika labala, makamaka nthawi ya mvula kapena potsuka basi. Koma ena amabadwira m'thanki momwemo. Mukatulutsa botolo la chakumwa mufiriji, kunja kwake kumachita thukuta. Madziwo sachokera m'botolo, amachokera mu mpweya wa chinyezi umene wakhudza chinthu chozizira. Thanki ya basi ikagona ili theka, theka linalo ndi mpweya. Basi yabwera kuchokera kunyanja, ku Nkhata Bay kapena ku Karonga kotentha, yakwera kuno ku Mzuzu, mamita oposa 1,200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kugona panja usiku wozizira. Makoma a thanki amazizira, chinyezi chimasanduka madontho, madontho n'kutsetsereka pansi.

Amatsikira pansi chifukwa madzi ndi olemera kuposa dizilo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene ya dizilo imalemera magalamu pafupifupi 830 mpaka 850. Yesani kunyumba ndi mafuta ophikira ndi madzi m'botolo, osati dizilo chonde: mukhutchumule, muike pansi, mudikire. Muona madzi akukhala pansi. Kakapu kaja anamasula makaniki ku Chikangawa kamagwira ntchito ndi lamulo lomweli. Madzi amasonkhana pansi pake, ndipo pali kampopi kakang'ono koti munthu atsegule n'kuwataya. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Ikapanda kuchitika, kakapu kamadzaza, madzi n'kupitirira. Akafika ku pampu amachititsa dzimbiri, ndipo poti madzi satereretsa ngati dizilo, tizitsulo timayamba kudyana.

Nanga zakuda zonanda zija? Apa ndiye pakubwera Biology. Pali mabakiteriya ndi nkhungu zina zimene zimakhala pamalire a madzi ndi dizilo. Zimakhala m'madzimo n'kumadya mafuta. Imodzi yodziwika bwino ndi nkhungu yotchedwa Hormoconis resinae. Zikachulukana zimapanga utope umene umakokedwa n'kukamata fyuluta. Pamalo athyathyathya injini imafuna mafuta ochepa, ndiye vuto silioneka. Koma pokwera phiri, monga ku Chikangawa kapena pa Chiweta panjira ya ku Karonga, injini imafuna mafuta ambiri, fyuluta yotsekeka imalephera kupereka, basi n'kuyamba kutsamwa. Mwaona chifukwa chake mabasi amakonda kufera pamtunda, kutali ndi midzi?

Mdani wachitatu ndi mpweya. Madzimadzi safinyika kwenikweni, koma mpweya umafinyika. Thovu la mpweya likalowa m'paipi, kaya chifukwa cha paipi yong'aluka kapena mafuta atheratu m'thanki, pampu imangofinya thovulo m'malo mokankha dizilo. N'chifukwa chake makaniki uja atasintha fyuluta anayamba wapopa kapampu kapamanja: ankatulutsa mpweya.

Nkhani ya zigubu

Tsopano tifike pamene pamapweteka. Dziko lathu silikumba mafuta. Amabwera kuchokera kunja kudzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, mafuta amasowa. Makolo anu amakumbukira mizere ya 2011 ndi 2012, inu munaona ya 2022 ndi 2024. Mizere ikatalika, zigubu zimatuluka. Bungwe la MERA, lomwe limayang'anira za mafuta ndi magetsi, lakhala likuchenjeza anthu za malonda amenewa, koma sathera pomwepo.

Vuto la mafuta a m'zigubu silongokhala mtengo wokwera. Palibe amene akudziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani, chinagona kuti, chinatsekedwa bwanji. Ndipo pali ogulitsa ena amene amasakaniza dizilo ndi palafini kuti achuluke. Mu Chemistry munaphunzira kuti petulo, palafini ndi dizilo zonse zimachokera ku mafuta amodzi okumbidwa pansi, zimangolekanitsidwa potengera kutentha kumene chilichonse chimawirira. Palafini ndi wopepuka komanso wosanona ngati dizilo. Injini imalira ndithu, mwini wake n'kumati zili bwino. Koma kumbukirani mfundo ija ndinati musunge: mafuta ndi amene amatereretsa pampu. Palafini satereretsa mokwanira. Pampu imadyeka pang'onopang'ono, tizidutswa tachitsulo n'kumapita ku ma injector. Pakatha miyezi, zonse zimafuna kugula zatsopano.

Eni mabasi nawonso ali ndi mbali yawo

Ndisakhale ngati woweruza mlandu atangomva mbali imodzi. Mwini basi akhoza kundiyankha kuti: "Inu mukulankhula chifukwa simunayendetsepo bizinesi. Sipeya zonse timagula kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta akasowa, ndiimike basi anthu atagula kale matikiti? Antchito ndiwalipira chiyani?" Zimenezi ndi zoona, ndipo sindikuzipeputsa. Palinso vuto la sipeya zachinyengo: fyuluta yooneka bwino kunja, koma pepala lam'kati ndi losasefa kanthu. Munthu akhoza kugula ndi mtima wabwino n'kupusitsidwa.

Komabe yankho limeneli likulimbikitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa. Ngati sipeya zakwera mtengo, ndiye kuti pampu ndi ma injector zakwera koposa, chifukwa zimenezo ndi zina mwa zipangizo zodula kwambiri pa injini yonse, pamene fyuluta ili m'gulu la zotchipa. Wozengereza kugula fyuluta kuti apulumutse ndalama ali ngati munthu wokana kugula loko kuti asunge ndalama, katundu ali m'nyumba yosatseka. Onjezani mtengo wotumiza makaniki ku Chikangawa, wobweza ndalama za apaulendo, ndi wa mbiri yoipa, poti amene anagona m'nkhalango sakweranso basi yomweyo ndipo amauza anzake.

Chinanso, zambiri zoteteza mafuta sizifuna ndalama zakunja n'komwe. Kutaya madzi a m'kakapu mmawa uliwonse basi isananyamuke n'kwaulere. Kugoneka basi thanki ili yodzaza, mafuta akakhalapo, kumachepetsa mpweya wa chinyezi. Kupukuta pakamwa pa thanki musanatsegule n'kwaulere. Ngati zavutitsitsa mpaka mafuta abwera m'migolo, kuwasiya akhazikike kuti madzi ndi zinyalala zitsike, n'kumatunga chapamwamba kudzera pa sefa yoyenera, kumafuna kudekha chabe. Kusintha mafyuluta pa makilomita amene buku la wopanga basi linanena, ndi kufupikitsa nthawiyo ngati mafuta akukayikitsa, kumafuna kope ndi cholembera, kuti pakhale polemba tsiku ndi makilomita. Zimene zimasowa kawirikawiri si ndalama ayi, koma mwambo woti mawu a makaniki azimveka kwa bwana.

Si nkhani yochedwa pa ulendo yokha

Wina anganene kuti basi kufa panjira n'kungotaya nthawi. Ayi ndithu. Basi yoima usiku pakona, mu nkhungu, pa M1 pamene mathiraki amadutsa, ndi ngozi yodikira. Komanso injini ikazima basi ikuyenda, chiwongolero chimalimba chifukwa pampu yochifewetsa imayendetsedwa ndi injini, ndipo kompuresa yodzaza mpweya wa mabuleki imasiya kupopa. Mpweya wosungidwa m'mathanki umathandiza kwa kanthawi, koma pamtsetse wokhotakhota ngati wa Chiweta palibe dalaivala amene angafune kuyesa kuti utha liti.

Kachiwiri ndi moto. Dizilo sagwira moto msanga ngati petulo: nthunzi ya petulo imatha kuyaka ngakhale kukuzizira chotani, pamene dizilo amafunika atenthe kupitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yoyaka. Koma paipi ikang'aluka n'kumapopera dizilo pa turbo kapena pa paipi ya utsi, zimene zimatentha madigiri mazanamazana, moto umabuka. Mabasi ambiri akuluakulu injini ili kumbuyo, kutali ndi maso a dalaivala. Oyamba kumva fungo ndi apaulendo a mipando yakumbuyo.

Kachitatu ndi utsi. Injector yodyeka imadontheza mafuta m'malo mowapopera, ndiye sapsa onse. Otsalawo amatuluka ngati utsi wakuda, womwe ndi timadontho ta mwaye. Mu 2012 nthambi ya bungwe la World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inaika utsi wa injini za dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Ganizirani amayi ogulitsa nthochi ndi mbatata pa depoti, anyamata a kabaza, ndi inu nomwe poyenda m'mbali mwa msewu kupita kusukulu. Utsi wakudawo ndi ndalama za mwini basi zikuuluka, komanso ndi mapapo athu.

Pali nthambi ya boma yoona za pamsewu imene imayeza magalimoto n'kupereka COF, ndipo ntchito yake ndi yofunika. Koma kuyeza kumachitika tsiku limodzi, pamene madzi amasonkhana m'thanki usiku uliwonse. Pepala lomata pagalasi silingataye madzi a m'kakapu.

Nanga inu zikukukhudzani bwanji?

Mwina mukuti, "Ife ndi ana a sukulu, tilibe basi." Zoona. Koma mumakwera. Mukamva fungo lamphamvu la dizilo m'basi ikuyenda, kapena mukaona mafuta akudontha pansi pake pa depoti, uzani kondakitala mwaulemu, ndipo ngati sakumva uzani akuluakulu amene muli nawo pafupi. Si mwano umenewo. Kunyumba, ngati achimwene kapena amalume ali ndi chizolowezi chokoka mafuta ndi pakamwa kudzera pa paipi, auzeni kuti kadontho kolowa m'mapapo kamatupitsa mapapo ndipo anthu amagonekedwa nako m'chipatala. Ndipo amene mumathandiza pa galaja nthawi ya holide, musayerekeze kufufuza podontha ndi chala injini ikulira. Mafuta a ma bar mazanamazana amaboola khungu ngati jakisoni, bala limaoneka laling'ono koma munthu akhoza kuduka chala. Safunsa anadya phula: funsani amene akukuphunzitsani.

Chomaliza ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Kuno kwathu mwana akalephera mayeso timati, "Basi, angopita akaphunzire umakaniki," ngati kuti imeneyo ndi ntchito ya olephera. Tawerenganinso zimene takambiranazi. Kupanikizika kwa mpweya, kulemera kwa madzi ndi mafuta, chinyezi, tizilombo tosaoneka ndi maso, kuyaka kwa mafuta: Physics, Chemistry ndi Biology zonse zakumana pa kakapu kamodzi. Mabasi atsopano ma injector ake amalamulidwa ndi kompyuta, ndipo makaniki wake amafunika adziwe kuwerenga manambala pa makina oyezera, osangodalira khutu ndi sipanala. Sukulu ngati Mzuzu Technical College ndi maphunziro oyang'aniridwa ndi TEVETA si kothawira ayi. Wopita kumeneko atakhoza bwino sayansi pa MSCE, mtsikana kaya mnyamata, ndi amene adzasunge miyoyo ya anthu 60 ogona tulo m'basi yausiku.

Makaniki wa ku Chikangawa uja ankadziwa vuto lisanachitike. Ananena, koma sanamvedwe, mwina chifukwa ovala ovolosi yamafuta sawerengedwa ngati munthu wodziwa zinthu. Ena mwa inu mudzakhala amakaniki, ena madalaivala, ena mudzakhala ndi mabasi anuanu. Tsiku limene wantchito wanu adzakuuzeni kuti fyuluta yatha, inu n'kuyamba kuwerengera kuti ipirire ulendo umodzi wokha, mudzakumbukire kuti m'basimo mukhala mayi wina amene dokotala akumudikira ku Lilongwe mmawa.